Pikapu ya Malemu Amosi

Mukafika pamsika wa Chilinde n'kufunsa za Mayi Jemima ogulitsa tomato ndi anyezi, anthu adzakuuzani zinthu ziwiri: kuti sabisa tomato wovunda pansi pa mulu, ndiponso kuti saiwala. Mayiwa kwawo ndi ku Ntchisi. Adabwera m'tauni akadali mtsikana, nakwatiwa ndi a Amosi a ku Dowa, bambo wofatsa amene ankanyamulira anthu mchenga ndi njerwa pa pikapu yawo yobiriwira. Adakhala ku Kawale zaka khumi ndi zisanu, nabereka ana aakazi awiri. Pikapuyo ndiyo idawalera anawo, ndipo ndiyo idaphunzitsa Anock, mng'ono wawo wa a Amosi, mpaka iye kupeza ntchito ya mu ofesi n'kumanga nyumba ya mpanda ku Area 25.

Chaka cha njala chija, 2002, a Amosi adadwala miyezi isanu n'kutisiya. Nthawi imeneyo n'kuti pikapu itafa kale. Chesisi yake, chitsulo chapansi chija chimene chimasenza galimoto yonse, idali itadyeka ndi dzimbiri n'kuthyoka kuseri kwa mpando wa dalaivala.

Maliro adakaikidwa ku Dowa. Patangopita masiku atatu, anamfedwa maso akadali otupa, Anock adatulukira ku Kawale ndi lole ndi abale anayi. Adanyamula mipando, bedi, makina osokera, wailesi, malata amene ankadikira nyumba yatsopano, mbale ndi sutikesi ya mapepala. Munthu wopanda manyazi uyu adachotsa ngakhale nsalu za m'mawindo. Atafika pa pikapu adamasula matayala onse ndi batire, galimoto n'kuisiya pa njerwa.

"Ichi ndiye chanu, alamu," adatero Anock akupukuta manja. "Muzigonekamo nkhuku."

Abale aja adaseka. Mayi Jemima adangomuyang'ana mlamu wawoyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ndipo kuyambira tsiku limenelo adadana naye chidani chenicheni, chodzuka nacho m'mawa n'kupita nacho kumsika.

Zaka zinayi pikapu idakhala pabwalopo itafundidwa masaka. Ogula zitsulo zakutha ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo mayiwa ankawathamangitsa ndi tsache. Lamulungu akachoka ku tchalitchi ankatsegula chitseko, n'kukhala kumpando wawo wa kumanzere kwa kanthawi. Kutchalitchiko abusa ankalalikira za kukhululuka, iwo n'kumavomera "Ameni" pamodzi ndi anzawo, koma mumtima ankati Anock yekha ayambe wadikira. Galimotoyo ndiyo chokhacho chimene chidawatsalira cha amuna awo, ndipo adalumbira kuti idzayendanso, Anock aione ndi maso ake.

Mu 2006 adapita ku Biwi kwa a Kassimu, makaniko wa ku Mangochi, munthu wosachulutsa mawu amene ankadziwika ndi kudzutsa magalimoto amene anzake adawalephera. A Kassimu adabwera ku Kawale, nayala katoni pansi, nalowa kunsi kwa pikapu. Adagogoda chesisi ndi sipanala, dzimbiri n'kuwagwera kumaso.

"Amayi, msana uwu watha," adatero atatuluka. "Ndikawotcherera apa, mawa uthyoka apo. Koma bodi yakeyi ndi chitsulo chakale, cholimba. Tipeze chesisi ina yatsopanoko, tiikhazike pamenepo."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita miyezi itatu a Kassimu adamva za pikapu ina yoyera imene idagubuduzika pamsewu wa ku Salima. Pamwamba idali itaphwanyikiratu, koma chesisi, injini ndi matayala zidali bwinobwino. Mwini wake adaigulitsa pamodzi ndi mapepala, ndipo Mayi Jemima adakasintha buku la galimotoyo kuti likhale m'dzina lawo.

Ntchito yake sidali yamasewera. Amuna khumi adanyamula bodi yobiriwira ija pa mitengo ya bulugama n'kuikhazika pa migolo. Chesisi yakale adaikokera kuseri kwa galaja, m'maudzu. Poyesa kukhazika bodi pa chesisi yatsopano, mabowo a mabawuti sadakumane ngakhale limodzi, ndipo chesisiyo idatalika ndi chikhatho chathunthu. A Kassimu adadula, nawotcherera zogwirira zina, nalumikiza chiwongolero, nalondola mawaya mmodzimmodzi. Mayi Jemima ankabwera tsiku lililonse akaweruka kumsika, n'kukhala pa tayala ngati kapitawo. Lachisanu masana a Kassimu akatseka galaja kupita ku mzikiti, mayiwa ankatsala pachipata akung'ung'udza kuti dzuwa likupita. Pa nkhani ya penti padalibe zokambirana. A Kassimu adati yoyera ndiyo ikuyenda malonda masiku ano, koma iwo adati ikhale yobiriwira yomwe ija, osasintha ngakhale pang'ono.

Tsiku limene pikapu idalowa m'Kawale ikuyenda yokha, amayi a m'deralo adatuluka ndi nthungululu. Mayi Jemima adakhala kumpando wawo wa kumanzere, mtima uli myaa. Adalemba dalaivala, galimoto n'kuyamba kukatenga tomato ku Lizulu kawiri pa sabata. Tsiku lina adamuuza dalaivalayo kuti adzere ku Area 25, kumene kudalibe chowayendetsa, n'kuliza hutala katatu pa geti la Anock.

Hutala ameneyo adamveka. Sabata isadathe Anock adafika ku Kawale atavala tayi, pamodzi ndi amalume ake, m'manja atanyamula buku lakale la galimoto limene adalipeza m'sutikesi muja. Wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina, ndimo mmene ankaganizira.

"Alamu, mwachita bwino kuisamala," adatero. "Koma galimoto iyi ndi ya achimwene, aliyense akuidziwa, ndipo buku lake ndi ili. Loweruka likudzali kuli chinkhoswe cha mwana wanga Belinda. Ndikufuna ikhale itafika kwathu tsiku limenelo."

Mayi Jemima adagwada, nawapatsa alendowo madzi akumwa. "Ndamva, alamu. Ifika."

A Kassimu atamva nkhaniyo adaseka mpaka kukhala pansi. "Amayi, galimoto siidziwika ndi mtundu wa penti. Imadziwika ndi nambala yodindidwa pa chesisi. Nambala ya galimoto imene mukuyenderayi ili m'buku lanu. Buku ali nalo Anock lija ndi la chitsulo chili m'maudzu icho. Apite kulikonse, kupolisi kaya kukhoti, sakaphula kanthu. Ingokhalani phee."

Mayi wina akadathokoza Mulungu n'kubwerera kumsika. Koma kupambana mwakachetechete, Anock osachita manyazi pagulu, kwa Mayi Jemima kudali ngati ndiwo zopanda mchere.

"A Kassimu, masulani bodi ija," adatero. "Muibwezere pa chesisi yothyokayo. Ndikamupatse monga momwe adaisiyira."

"Miyezi inayi ya ntchito, Amayi? Bwanji osangomutumizira chesisi yakeyo?"

"Anthu a pachinkhoswe sadziwa za manambala. Akaona chitsulo chokha adzati ndine wakuba. Ndikufuna aione galimoto ya Amosi, aizindikire. Musadandaule. Munthu uja ndimamudziwa, sangaone chitsulo osachigulitsa. Lolemba mudzapite ngati ogula zitsulo zakutha, tidzaitenganso."

A Kassimu adapukusa mutu, nati mkwiyo ndi moto, umatentha ndi mwini yemwe. Komabe adatenga sipanala.

Loweruka masana ku Area 25 kudali kutadzaza. Tenti idali itakhomedwa m'kati mwa mpanda, magalimoto a akuchimuna ataimikidwa momwemo, zoimbira zikugunda, perekaniperekani ali pakati. Kenaka lole idabwera chafutambuyo mpaka kuima pa geti penipeni. Amuna khumi ndi awiri adatsika, nasanja milu inayi ya njerwa, natsitsa pikapu yobiriwira yonyezimira, yopanda matayala, yopanda batire, msana uli khotekhote. Adaikhazika pakati pa geti, moti ngakhale njinga sikadadutsa.

Woyendetsa mwambo adaganiza kuti ndi mphatso. Adathamanga ndi maikolofoni n'kuwapatsa Mayi Jemima, amene adali atavala chitenje chatsopano ndi duku lake.

"Zikomo akuchikazi, zikomo akuchimuna," adayamba motero, mawu ali ozizira. "Ine ndine mkazi wa malemu Amosi, amene adaphunzitsa bambo a mkwatibwiyu. Amuna anga atamwalira, alamu angawa adadikira masiku atatu okha. Mipando mwakhalira akuluakulu kutsogoloko ndi ya m'nyumba mwanga. Malata a khitchini iyo ndi anga. Nsalu za m'mawindo izo ndidasoka ndine, pa makina amene ali m'nyumbamo. Chidatsala ndi ichi chokha, ndiye adabwera kudzachiitanitsa. Alamu, galimoto ya achimwene anu nayi, monga mudaisiyira. Buku muli nalo. Yerekezani nambala."

Zoimbira zidazima. Amalume a mkwati, bambo wachikulire, adadzuka pa sofa pang'onopang'ono ngati akhalira minga, naimirira chapatali. Ena adatsatira. Anock adayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu mpaka tayi kunyowa. Belinda adathawira m'nyumba akulira. Mwanayo sadalakwe kanthu, ndipo Mayi Jemima adamumvera chisoni, koma chisoni chake chidali chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukoma kumene adamva poona mlamu wawo akuyang'ana pansi. Akuchimuna adafuna kuchoka, koma magalimoto awo akadatulukira pati? Adatuluka wapansi mmodzimmodzi, akudzipanikiza pakati pa khoma ndi pikapu, masuti akupaka fumbi la njerwa. Mayi Jemima adaimirira pamsewu mpaka womaliza atadutsa, kenaka adakwera lole n'kubwerera ku Kawale akuimba nyimbo ya kwaya.

Lolemba m'mawa a Kassimu adavala ovolosi yakutha kuti aoneke ngati wogula zitsulo. Mayi Jemima adati atsalira pakona kuti Anock asawaone. Koma asadafike n'komwe pakonapo adamva fungo la utsi ndi penti yopserera, ndipo onse awiri adathamanga mpaka pa geti la Anock.

Mayiwa ankadziwa dyera la mlamu wawo, koma adaiwala kuti nayenso ali ndi mtima wobwezera. Lamulungu, anthu ali ku tchalitchi, Anock adaitana abale ake kuti amuthandize kukankhira pikapu m'ngalande, naiswa ndi nkhwangwa, naithira petulo n'kuiyatsa. Chimene chidatsala chidali chigoba chakuda, denga litagwera m'kati, mipando itasanduka mawaya. Lolembalo Anock adali atakhala pakhonde, atapinda manja, akuwayang'ana.

A Kassimu adazungulira chigobacho kamodzi, nachigogoda ndi chala. Chitsulo chidabooka.

"Apa palibe chodzutsa, Amayi," adatero motsitsa mawu. "Tiyeni."

Mayi Jemima sadafune kuti Anock aone nkhope yawo. Adatembenuka, nayenda mowongoka mpaka kukhota pakona. Adakhala pansi m'mphepete mwa msewu, nalira mokweza ngati maliro a a Amosi achitika tsiku lomwelo. Chidawapweteka koposa n'chakuti galimotoyo palibe adawalanda. Adaipereka okha, ndi manja awo.

Chesisi yatsopano ija a Kassimu adaipezera bodi ina yoyera, ndipo mpaka lero imatuta tomato ku Lizulu. Mayi Jemima amaitumiza ndi dalaivala, iwo n'kukwera minibasi. Anock adasamuka ku Area 25 chaka chisadathe, chifukwa ana a m'deralo ankamuloza chala paliponse.

Mukawapeza mayiwa pamsika malonda atachepa, adzakusimbirani nkhani ya chinkhoswe cha Belinda yonse, mawu ndi mawu, akuseka mpaka kugwira nthiti, ndipo adzakuuzani kuti atapatsidwanso mwayi angachitenso chimodzimodzi. Koma nkhani yawo imathera Loweruka. Mukafunsa kuti nanga pikapuyo idapita kuti, amayamba kusanja tomato amene ali kale pa mulu, n'kukufunsani kuti mukufuna wa zingati.