Chithunzi cha Eruera

Ripeka Tamihana wa ku Porirua anagwira ntchito yochapa nsalu za odwala mpaka mawondo atakana. Za magulu a zigawenga sachita kumva kwa ena. Mwana wake woyamba anavala jekete la gulu ndevu zisanamere, ndipo anamuika m'manda asanakwatire. Choncho atabwera Hoani, mnyamata wa mtundu wawo wachimaori wopanga mafilimu, kudzapempha nyumba kuti ajambuliremo nkhani ya mavuto a anthu awo, Ripeka anavomera. Anangopempha chimodzi: zithunzi za akufa zimene zili pakhoma azichotse mwaulemu asanayambe. Atatero anapita kukakhala kwa mng'ono wake.

Pobwera anapeza maluwa ake atazulidwa ndipo pabwalo pali mafuta a galimoto yakufa imene anaikokerapo dala. Opanga filimuwo anati pakhomopo panali paukhondo kwambiri, sipamaoneka ngati pa amphawi. Ripeka anangodzalanso maluwa ena.

Filimuyo anakaionera ku holo ndi anthu a mumsewu wonse, atatchena. Itafika pakati, anaona khitchini yake itadzaza mabotolo, mwamuna wolembedwa mizere kumaso akumenyetsa mkazi patebulo pake pomwe. Pamwamba pawo panali chithunzi cha Eruera, malemu mwamuna wake, chikuyang'ana. Eruera woyendetsa basi, amene kwa moyo wake wonse sanamuloze ngakhale chala, amene mizere ya kumaso kwake inali mayina a makolo ake, osati chizindikiro cha gulu. Kumbuyo wina ananong'ona kuti kani mdala uja analinso wotero.

Ripeka sanadikire kuti ithe. Anamupeza Hoani pakhomo pa holo akujambulitsa ndi azungu.

"Azakhali, mwaiona bwanji?"

"Mwamuna wanga wamuika m'gulu liti, mwana iwe?"

Hoani anachita chibwibwi. Anati nkhopeyo inakometsa khomalo, inachititsa kuti zonse zioneke zenizeni.

"Zenizeni ndazisambitsa ndi manja angawa," anatero Ripeka. "Ukanandifunsa ndikanakuuza zoopsa kuposa zako zija. Koma uja ndi munthu, si katani. Agogo ako ukanawapachika pamenepo?"

Mnyamatayo anabwera kunyumba patapita mlungu, navula nsapato, naima pamaso pa chithunzicho n'kupepesa m'chinenero cha makolo awo chimene iye mwini ankachidziwa mwapatalipatali. Ripeka anamukonzera mawu awiri amene anawapotoza, kenako anamupatsa tiyi ndi buledi wokazinga, poti mlendo sabwerera ndi njala ngakhale atakulakwira. Nkhopeyo anaifufutadi m'filimumo, koma filimu inali itazungulira kale m'mayiko akunja n'kulandira mphoto.

Masiku ano magalimoto achilendo amayenda pang'onopang'ono mumsewumo, mawindo ali otseka, mafoni akuloza nyumba yake. Ripeka akawaona amatuluka ndi paipi yothirira, ndipo sikuti madzi onse amapita ku maluwa.