Matenda Amene Sindinadwale

Sitimazo zinalidi zodzadza. Pamenepo mwana wanga sindimunamizira, chifukwa ndinapita naye ku siteshoni ya New Street ndipo ndinaona ndi maso angawa. Anthu anali pikitipikiti ndi zikwama, ngati tsiku logawa feteleza. Mzungu wa pazenera anagogodagogoda kamakina kake, kenako n'kupukusa mutu. Kuwerenga ine sindidziwa, Chingerezi ndinkangotolako moni yekha, koma kupukusa mutu n'kumodzi dziko lonse lapansi. Malo opita ku Glasgow panalibe mpaka Khirisimasi itadutsa. Tinatsetserekera ku Digbeth kokwerera mabasi akutali. Nakonso tho.

Ndiyambe ndanena chimene ndinkathamangira ku Glasgow. Kunjako ndinali ndi ana awiri. Wachisamba, wamwamuna, ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala cha ku Bordesley Green, mkazi wake namwino pomwepo. Ndiwo anandikweza ndege kuchokera kwathu ku Dowa, boma litangosintha kumene, kuti ndidzawalerere mapasa awo. Wina ndi mzime wanga, wamkazi, amene anabwera kudzaphunzira n'kukwatiwa ku Glasgow. Ameneyu ndiye anabereka mwana wake woyamba, wamwamuna, Lachinayi, Khirisimasi ili Lachitatu la sabata yotsatira. Tinkamuyembekeza mu Januwale mwanayo, koma anafulumira, ndipo mayi wake anachita kumung'amba.

Kwathu mwana akabadwa, mchombo suyang'aniridwa ndi mayi wake. Woyamba kumene kubereka manja amanjenjemera. Imeneyo ndi ntchito ya agogo akuchikazi. Umaukulunga kansalu n'kumauzonda m'mawa ndi madzulo, kuti tsiku lothothoka usagwere paumuna pa mwanayo, chifukwa ukagwera pamenepo timati mwanayo sadzabereka. Ukagwa umautola n'kukaukwirira pamalo podziwa iwe wekha. Ukatero umamumeta tsitsi lobadwa nalo, n'kumumanga mkuzi m'chiuno, ndiye kuti watuluka m'chikuta. Amayi anga anandichitira zimenezi pa ana anga onse. Mapasa aja ndinawaphonya, ndinafika akukwawa kale. Uyu ndinati ayi, sindimuphonya. Mkuzi ndinali nditapota kalekale ndili kumudzi, wa mikanda iwiri yoyera. Lumo latsopano linalipo, chitenje cha mbereko chinalipo. Ndiye mchombo sudikira munthu. Sabata imodzi, ukachedwa masiku ochepa pamwamba pake, basi.

Tikubwerera kunyumba kuchokera ku siteshoni tsiku limenelo, Loweruka, mwana wanga anati, “Amayi, mwadzionera nokha. Anthu anabuka kalekale. Mudzapita chaka chatsopano chikalowa.”

“Nanga galimoto yanuyi, bambo a mapasa?”

“Ndili pa shifiti mpaka Khirisimasi itatha. Amake mapasa nawonso ali pa naiti. Masiku amenewa munthu samulola kutenga ofu.”

Koma mumtima ndinati, kumudzi basi ikakusiya sukhala pansi n'kumalira. Umaima m'mbali mwa msewu n'kukweza dzanja, lole ya fodya imakutenga.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Tinkapemphera mu holo ina yobwereka, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia pamodzi. Mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi, ine ndinayamba kuyenda munthu ndi munthu. Uyu akupita ku London. Uyu sachoka, ali pantchito ku Telford. Uyu galimoto yake yafa. Mpongozi wanga anandikoka chitenje, ati, “Amayi, kuno anthu safunsa matola choncho.” Ndinati kufunsa sikuba, n'kupitirira.

Ndinawapeza pafupi ndi chitseko: aphunzitsi ena a ku Ntcheu, bambo wachikulire wa imvi amene anabwera kudzawonjezera maphunziro ku Coventry, ndi akazi awo. Ankakhala ku Hillfields. Lolemba m'mawa ankanyamuka ulendo wa ku Edinburgh kwa mng'ono wawo.

“Glasgow n'kukhota pang'ono chabe, agogo,” anatero aphunzitsiwo. “Mpando wakumbuyo uli wokhawokha.”

Akazi awo anawonjeza, “Mukatithandiza n'kuwadzutsa awa, amawodzera pachiwongolero.”

“Wowodzera ndani? Inu mkonono mumauyamba tisanatuluke n'komwe mu Coventry.”

Tinaseka, ine n'kuomba m'manja kuthokoza. Anati seveni koloko adzakhala ali pakhomo. Ndinakaitana mwana wanga kuti awalongosolere njira ya kwathu. Anawalongosolera bwinobwino, anawajambulira n'kamapu papepala, n'kutenga nambala ya foni yawo. M'galimoto ndinamufunsa za mapasa, pakuti ndinkadziwa kuti kosungira ana kunali kotseka. Anati, “Tipeza chochita, Amayi,” maso ali pamsewu. Mpongozi wanga ankayang'ana kunja pazenera.

Madzulo amenewo ndinakazinga mtedza, ndinaphika mandasi odzadza beseni, ena a panjira, ena okawasiyira eni galimoto. Lolemba ndinadzuka kudakali bii. Zitenje ziwiri, juzi, chikhoti pamwamba, mkuzi ndi lumo ndamanga pamfundo ya mpango. Mwana wanga anatsika atavala zakuntchito, anandigwira dzanja, ati, “Muyende bwino, mukamupatse moni mlongo wanga.” Mpongozi wanga anafika kuchokera ku naiti n'kukwera kukagona. Ine ndinakhala pazenera la pabalaza, chikwama pamiyendo.

Galimoto yawo anandiuza kuti ndi yobiriwira. Kunayera. Wamkaka anadutsa, wamakalata anadutsa. Mapasa anadzuka, ndinawaphikira phala ndili chivalire chikhoti, khutu lili kumsewu. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro ndinkanyamula chikwama. Masana anakwana, mapasa anayamba mandasi aja. Dziko limenelo m'nyengo yozizira folo koloko kwada kale, ndipo pamene nyale za mumsewu zinayaka ndi pamene ndinavula chikhoti.

Mpongozi wanga anatsika atavala yunifolomu. “Sanabwere? Anthu ena kaya.”

Mwana wanga atafika anaimba foni ku Hillfields, n'kundiika chomvera pakhutu kuti ndimve ndekha. Inkangolira, woyankha palibe. Anapukusa mutu. “Munthu wamkulu ngati uja, wophunzira, kunamiza mayi wokalamba.”

Ndiye inu, Khirisimasi yonse ine ndinakhala ndikuwatukwana anthu aja mumtima. Ndikamatsuka mbale, aphunzitsi aja. Ndikamagoneka ana, mayi uja ndi kuseka kwake. Tsiku la Khirisimasi lenilenilo tinatsala atatu m'nyumba, ine ndi mapasa, msewu wonse uli zii. Ndi mzime wanga sindinalankhule naye. Achimwene ake ankandiuza kuti adakali m'chipatala, ndipo mkamwini akaimba foni ankalankhula ndi mwana wanga m'Chingerezi. Ine ndinkangowerenga masiku pazala. Tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire mwanayo. Lachisanu ndi chitatu.

Loweruka masana ndinali kukhitchini ndikukolopa, mmodzi wa mapasa ali kumbuyo. Mwana wanga anali pa ofu, ali pabalaza. Belu la pachitseko linalira. Ndinamumva akusuntha katani, kenako ndinangomuona ali pakhomo la khitchini, nkhope itasintha.

“Amayi, kwerani m'mwamba mukagone. Mukafunde bulangete.”

“Kugona masana ano? Kwabwera ndani?”

“Aphunzitsi aja ndi akazi awo.”

Ndinaimika chokolopera. Ndinati, “Atsegulireni. Ndili nawo mawu.”

Ndi pamene anaulula, monong'ona, mofulumira, osandiyang'ana. Lamulungu lija ine ndili kalikiliki ndi mandasi, iye anawaimbira foni. Anawauza kuti Amayi BP yakwera mwadzidzidzi, adokotala aletsa ulendo, musavutike n'kubwera. Kwa mlongo wake ku Glasgow anauzanso zomwezo.

“Mapasa tikanawasiya ndi ndani, Amayi? Ntchito ikanatithera tonse awiri.”

Belu linaliranso.

Ndikanatha kupita ndekha kukatsegula, chokolopera chili m'manja, mwana ali kumbuyo. Sindikanafunika n'kulankhula komwe. Pofika Lamulungu nkhani ikanakhala itafika ku Coventry, ku Wolverhampton, ku Telford, mpaka ku Dowa, kuti uja woyeza magazi uja anawadwalitsa amake ndi pakamwa kuti apeze wantchito. Amalawi kunjako tinali ochepa, aliyense ankadziwa mnzake. Mwana wanga anandigwira mkono. Bambo wandevu, wa ana awiri.

Ndinamasula mwana kumbuyo n'kumupatsa. Ndinakwera masitepe, ndinavula mpango, ndinalowa m'bulangete.

Alendowo anakwera pang'onopang'ono, monga muja timayendera pakhomo pa matenda. Mayi uja anagwada pambali pa bedi, anaika pansi jumbo ya malalanje ndi buledi. Aphunzitsi anaima cha pakhomo, chipewa chili m'manja.

“Tangochokera pamsewu, agogo, kwathu sitinafikeko,” anatero mayiyo. “Tinati tiyambe tazonda matenda. M'thupimu muli bwanji?”

Ndinati, “Ndikupezako.”

“Mukuonekadi kuti mwawonda. Maso alowa.”

Anthu amene ndinawatukwana sabata yathunthu. Pobwerera anakhotabe mpaka ku Glasgow, ati sitingadutse osamuona mdzukulu wa agogo aja. Anatulutsa chithunzi, cha zija zotuluka nthawi yomweyo. Kamwana kofiira, tsitsi lambiri, chipumi cha malemu amuna anga. Mzime wanga anali atatuluka kale m'chipatala tsiku lotsatira Khirisimasi. Ati atamva za matenda anga analira mpaka mkaka unavuta kutuluka, ndipo ankafuna kuimba foni koma achimwene ake anati musawasokoneze, akufunika kupuma.

Ndinamukodola mayiyo kuti asendere pafupi, aphunzitsi asamve.

“Nanga mchombo?”

“Unagwa dzulo m'mawa.”

“Unagwera pati?”

Anali mayi wa kumudzi ngati ine, ankadziwa chimene ndikufunsa. “Anaupeza m'thewera, agogo. Pamene unagwera sakudziwa. Thewera lake ndi aja otaya aja. Anakulunga zonse pamodzi n'kuponya m'bini. Ife tinafika atataya kale.”

Ndinatembenukira kukhoma. Iwo ankaganiza kuti ndi matenda.

Asanapite aphunzitsi anati tipemphere. Anagwada ndi mawondo awo okalambawo, n'kupempha Mulungu kuti atsitse magazi a mayi wathuyu. Anathokoza chifukwa cha ana osamala, amene anaona matenda msanga n'kuletsa ulendo, chifukwa mwina bwenzi titanyamula maliro pamsewu. Ine ndinatsegula maso. Mwana wanga anali chiimire pakhomo, mapasa atamugwira miyendo, maso atatsinzina. Aphunzitsi atamaliza, ameni wake ndinamumva bwinobwino. Nanenso ndinati ameni. Ndinanama pamaso pa alendo, ndinanama pamaso pa Mulungu, ndili chigonere ndi thupi langa labwinobwino.

Mwana wanga atawaperekeza anakweranso, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko.

“Mundikhululukire, Amayi.”

Ndinati, “Mukanandipempha.”

“Mukanakana.”

“Ndikanakana, inde. Koma mukanakhala mwandifunsa ngati munthu. Inu munandigwira dzanja m'mawa muja n'kunena kuti ndiyende bwino. Munandisiya pazenera tsiku lonse ndi chikhoti. Ndiponso munthu ali bwinobwino sumuitanira matenda. Ndikadwaladi mawa mudzati chiyani?”

Malalanje aja ine sindinadyeko ngakhale limodzi.

Ku Glasgow ndinapita mu Januwale, pasitima, mipando yambiri ili yopanda anthu. Mwanayo ndinamumeta, mkuzi ndinamumanga. Pomusambitsa ndinayang'anitsitsa pamchombo, pali pouma bwinobwino, posandiuza kanthu. Mzime wanga sanandilole kunyamula ngakhale ketulo. Anali atagula kale kamakina koyezera BP, ndipo m'mawa uliwonse ankandimanga pamkono. Kakaonetsa kuti zili bwino ankati, “Mwaona, Amayi? Kupuma kukuthandiza.” Ndiwo zanga ankaphika padera, zopanda mchere.

Sindinamuuze. Ndikanamuuza, ana anga awiri akanadana m'dziko la eni, ndipo pamaliro panga akanadzakhala wina uku wina uko.

Mdzukulu wanga uja pano ndi wamtali kuposa bambo ake, ndevu zili pachibwano, koma sanakwatire. Akabwera kudzandiona ndimamufunsa za mbeta, iye n'kumaseka, ati agogo mumathamangira chiyani. Sadziwa chimene ndikudikira kuona.

Ndipo mpaka lero, tikakumana tonse pachakudya, mzime wanga amandiikira kambale kanga kapadera. Nkhuku yopanda mchere, masamba opanda mchere. Akaona dzanja langa likulowera kumene kuli mchere amauchotsa msanga, ati, “Mwaiwala za Khirisimasi ija, Amayi? Tinatsala pang'ono kukutayani.” Amausuntha n'kuuika patsogolo pa achimwene ake. Iwo sauthira. Amadya mutu uli pansi, ine n'kumawayang'ana mpaka amalize.