Chitima cha a Levi Chili m'Banki

A Levi Zimba anabadwa ndi miyendo yabwinobwino. Ali ndi zaka zinayi thupi linatentha masiku asanu, ndipo atachira miyendo ija sinachire nawo. Inafota, inapindikira mkati, basi. Kuyambira pamenepo ankakwawa. Amayi awo ankawaveka mapatapata m'manja kuti minga ndi mchenga wotentha zisawasupule zikhatho, ndipo ndi mapatapata omwewo anafika Sitandade 5, akudzikoka m'tinjira ta m'minda ya fodya ya ku Wimbe, ana anzawo akuwalumpha ngati chitsa.

Ndayambira kumeneku dala. Munthu ameneyu njala sankaiopa, imfa ankaiseka. Chimene ankaopa chinali chimodzi chokha: kudzakwawanso pamsewu anthu akuona.

Anamupulumutsa ndi Rajab, mwana wa mwini golosale wa pa Wimbe, mnzawo wa ku sukulu. Mu 1999 awiriwo anatolera mapaipi a bedi lakale la amayi a Levi, tcheni cha njinga, ndi matayala awiri onenepa a njinga yamoto, nakawotcheretsa ku Kasungu boma. Matayala onenepawo anachita kuumirira ndi a Levi, chifukwa mchenga wa kwawo umameza tayala lowonda ngati mmene nkhuku imamezera chimanga. Panatuluka njinga ya matayala atatu, yopalasa ndi manja, kumbuyo kuli bokosi la zida. Kukongola kunalibe, tisanamizane. Ikamayenda inkalira gweje gweje gweje, moti anthu anaitcha Chitima. Tsiku limene Chitima chinafika pakhomo, a Levi anavula mapatapata aja nauza Rajab kuti awakoleke pamsomali, pamwamba penipeni pa khoma, pamene iwo sangafikire.

Kuchokera kumudzi kwawo kukafika pa malo a malonda pali makilomita anayi, mchenga wokhawokha wokumbidwa ndi ngolo za fodya. Zaka makumi awiri ndi zisanu a Levi anapalasa msewu umenewo m'mawa ndi madzulo. Ankakhala pakhonde la golosale ya Rajab, kusoka nsapato, kukonza maambulera, kumata zidebe. Mapewa anakula ngati a ng'ombe yapangolo. Kumaliro ankapita okha, kutchalitchi okha, kumpira okha. Pakamwa paja ndiye eee, panali lumo. Wina wodutsa akawaponyera kandalama chifukwa cha chisoni, iwo ankakatola n'kumugenda nako pamsana.

"Iwe! Bwerera udzatole chuma chakochi! Ngati uli ndi chisoni bweretsa nsapato yong'ambika!"

Sanakwatire. Ankakhala m'kanyumba kawo pafupi ndi mlamu wawo Keziya, mkazi wa malemu mkulu wawo, ndipo ankanyadira kuti chibwerere Chitima palibe munthu anawanyamulapo.

Kenako kunabwera banki. Dzina lake sinditchula, loya ndilibe. Inatsegula nthambi tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi golosale ya Rajab, kutsatira alimi a fodya. Nyumba ya utoto wachikasu, masitepe atatu, chitseko cha galasi. Chaka chilichonse bankiyi inkakhala ndi chimene inkatcha Sabata Yokumbukira Anthu. Chaka choyamba antchito ake anasesa mumsika ndi matsache atsopano mpaka wojambula atanena kuti zakwana. Chaka chachiwiri anabzala mitengo mu Juni, mvula itatha kalekale, ndipo mbuzi zinathokoza kwambiri. Chaka chachitatu ku likulu kunachokera mtsikana wina wa mafuta onunkhira, a Feggie, kudzafuna munthu womuthandiza. Anayang'ana pagalasi naona Chitima.

"Bambo, mumavutika bwanji!" anatero a Feggie atawoloka msewu. "Chinthu ichi mumayendera chimenechi? Mayo ine!"

"Chimayenda, mayi," anayankha a Levi, maso ali pa nsapato imene ankasoka.

"Lachisanu mubwere ku mwambo wathu. Tili ndi kanthu kanu."

Rajab sanazikonde. "Achimwene, anthu awa mitengo ija anaibzala liti? Chenjerani nawo."

"Ndi alendo," anatero a Levi. "Akuitana, upite. Mwina ndi ulusi ndi guluu."

Mwambo unayenera kuyamba naini koloko, koma bwana wamkulu anafika dzuwa lili pamutu. Apa ndi pamene zinalakwikira, chifukwa linali Lachisanu, ndipo Rajab, munthu yekhayo amene akanatsegula pakamwa, anali atatseka golosale n'kupita ku mzikiti.

Anthu anadzaza tenti mpaka kunja. Kwaya inaimba, bwana analankhula Chingerezi chachitali. Kenaka anyamata awiri a mataye anabwera kwa a Levi, wina kukhwapa uku wina uku, osapempha, osaodira, n'kuwazula pa Chitima ngati thumba la feteleza. Miyendo ija inalendewera pamaso pa Wimbe yense. Anawaveka tisheti yachikasu pamwamba pa malaya awo, nawakhazika pa mpando wa matayala watsopano, wonyezimira, womangidwa maliboni. Amayi anaimba nthungululu.

A Levi anayang'ana pansi kamodzi kokha. Unali mpando wa m'chipatala, woyenda pa simenti. Matayala aakulu anali owonda ngati chala, akutsogolo ang'onoang'ono ngati zivindikiro za poto. Munthu wopalasa mchenga zaka makumi awiri ndi zisanu sachita kuuzidwa.

A Feggie anagwira chimkuzamawu. "Bambo Zimba, kuvutika kwatha lero! Chakale chija mutisiyire ife, tikaonetse dziko kumene takuchotsani. Mwavomera, eti?"

Nawatosa chimkuzamawu pakamwa.

Inu amene mukuti mukanakana, simunakulire kwathu. Kuno mphatso timalandira ndi manja awiri, mutu uli pansi. Kuiunguza pamaso pa woperekayo ndi mwano, ndipo kumumana kanthu mlendo amene wangokupatsa kumene, pagulu, mabwana ali pompo, ndi kuchititsa manyazi mudzi wonse. A Levi anaomba m'manja katatu mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, mayi. Mulungu akudalitseni."

"Sekani pang'ono, bambo," anatero wojambula. Anaseka.

Anakawatula kwawo pa galimoto ya banki, iwo ndi mpando wawo, kotero panalibe amene anaona mmene mpandowo umayendera.

M'mawa mwake anauyesa. Unachoka pakhomo, unadutsa pa mtondo, utangofika pamene bwalo losesa lathera unazika mphuno mumchenga. A Levi anakankha mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Matayala anangozungulira pamodzimodzi, kenako mpando unapendekeka n'kuwakhuthulira pansi. Keziya anathamanga kudzawadzutsa. Kunyamulidwa kachiwiri m'masiku awiri.

Keziya si munthu woipa. Anawakankha Lolemba, makilomita anayi kupita, anayi kubwera, akukoka chammbuyo m'malo a mchenga wambiri. Anawakankhanso Lachiwiri. Lachitatu anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Alamu, ine msana wathyoka. Fodya ali m'chigafa akudikira kusankhidwa, ana akufuna kudya. Ndikhale ng'ombe yanu mpaka liti? Munavomereranji?"

Pa kabaza a Levi sakanakwera, miyendo yogwirira inalibe mphamvu. Ngolo zonse zinali kalikiliki ndi mabelo. Anakhala pakhomo.

Rajab anapita ku banki katatu. Ulendo woyamba anamuuza kuti a Feggie anabwerera ku likulu. Wachiwiri anati alembe kalata. Wachitatu anamufunsa kuti iye ndi ndani wake wa a Zimba, poti mayina sakufanana. Rajab anabwera kumudzi madzulo ena, nakhala pa khonde osayang'ana mnzake kumaso.

"Ndikanangojomba ku mzikiti tsiku limenelo," anatero.

"Usachimwire Mulungu chifukwa cha ine. Chitimacho wachiona?"

Rajab anazengereza. "Chilipo. Tipanga china, achimwene, mvula ikadzagwa."

"Ndikufuna changa chomwecho."

Pa msika nkhani inali itapsa kale. Ena ankati a Levi banki inawalemeretsa, n'chifukwa chake asiya kusoka nsapato za amphawi. Ena ankati akunyada poti nkhope yawo yatuluka m'nyuzipepala. Eni nsapato anakatenga nsapato zawo napita nazo kwina. Mpando uja unaima pakhonde ndi maliboni ake, ndipo nkhuku ya Keziya inayamba kuikiramo mazira.

Patatha masabata atatu a Levi anaitana mlamu wawo m'nyumba naloza pamwamba pa khoma.

"Nditsitsireni awo."

Keziya anayang'ana mapatapata aja, otuwa ndi fumbi ndi utsi, ouma ngati chikopa. Anayamba kulira.

"Alamu, ayi. Ndikukankhani mawa."

"Tsitsani, mlamu. Kwanga n'kupita ndekha."

Ananyamuka kum'mawa kukuyera, poganiza kuti akafika anthu asanachuluke. Anaiwala kuti kale ankakwawa ali mwana. Tsopano anali bambo wa imvi, ndipo mikono yozolowera kupalasa sinazolowere kunyamula thupi. Mawondo anasupuka asanafike pa mjigo. Dzuwa linawapeza pakati pa njira, ndipo pamene ankalowa pa Wimbe msika unali utadzaza, linali tsiku la malonda. Phokoso linkazima pamene iwo akudutsa n'kuyambiranso kumbuyo kwawo. Palibe anawalumpha, koma onse anawaona.

Anafika pansi pa masitepe atatu aja nadzutsa mutu. Kuseri kwa galasi kunali Chitima. Anachipaka utoto wachikasu, matayala omwe. Tcheni panalibe. M'bokosi la zida munali mphika wa maluwa apulasitiki. Pamwamba pake panali chithunzi chachikulu kuposa chitseko, a Levi ali pa mpando wonyezimira, mano onse pamtunda, ndi mawu akuti TINAMUPATSA MIYENDO.

Mlonda, Prosper, amene jombo zake a Levi anazisokapo kawiri, anatsika sitepe imodzi.

"Madala, pepani, pakhomo pano salola opemphetsa."

"Prosper, ndine wopemphetsa ine? Kandiitanire bwana wako."

Bwana wa nthambiyo, a Grey, anatuluka akuyang'ana wotchi. Anaima pa sitepe yapamwamba, ndipo a Levi ankalankhula ndi nsapato zawo.

"Bwana, ndabwera kudzatenga njinga yanga. Mpando wanu uli bwinobwino, mukautenge. Mumchenga suyenda."

"Aaa, bambo Zimba! Nanga mpandowo mwausiya kuti? Musandiuze kuti mwagulitsa. Anthu inu kukuthandizani n'kovuta bwanji!"

"Ndati uli kunyumba. Ndikufuna yangayo."

"Imeneyo munapereka nokha, anthu akumva. Komanso singakuthandizeni." A Grey analoza ndi chibwano. "Matayala akumbuyo aja anatalikirana kwambiri, sinkalowa pakhomo. Tinaitana wamacheka anaidula pakati, mkatimo tangoilumikiza ndi waya. Koma taonani mmene yakongolera! Makasitomala amajambulitsa pomwepo."

A Levi anayang'anitsitsa. Zinali zoona. Pa paipi yaikulu ya pansi pa mpando, ija ya bedi la amayi awo, panali chilonda cha macheka, chokulungidwa ndi waya wopakidwa utoto. Pena pawiri panalinso chimodzimodzi.

"Tsono bambo, mutithandize," anapitiriza a Grey, mawu atatsika. "Teni koloko kukubwera mabwana a ku likulu kudzaona chithunzichi. Akakupezani muli chonchi pansipa, nkhani yake ikhala yotani? Dzasunthireni kuseri. Prosper, kawatengere kalendala."

Kalendala inabwera, yokulungidwa bwino, nkhope yawo ili pa mwezi uliwonse. Prosper anaima nayo, kusowa poipereka, poti manja a munthuyo anali pansi. Potsiriza anawerama naisomeka kumsana, mkati mwa malaya.

A Levi anatembenuka. Tsidya lina la msewu Rajab anali ataima pakhonde la golosale, pafupi ndi malo awo opanda munthu. Maso awo atakumana, Rajab anatembenukira kukhoma kuti mnzake awoloke iye osaona.

A Levi ali pakati pa msewu, mayi wina wachilendo, atagwira mwana padzanja, anaima. "Kalanga ine, bambo awa!" Anamasula nsonga ya chitenje naponya kandalama. Kanagubuduzika mumchenga n'kudzagona patsogolo pa nkhope yawo, mayiyo napitiriza ulendo wake, msana wonse uli poyera, pafupi zedi.

A Levi anakayang'ana kandalamako nthawi yaitali. Manja onse awiri anali m'mapatapata.