Mutu wa Chambo Umathera Pati

Che Sufiyani anabadwira m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, m'banja la asodzi, koma iwo bwato linawakana. Akangokwera, chizungulire chinkawagwira asanafike n'komwe pamene bango limathera. Motero anakula akuyanika matemba a anzawo pa thandala, kenako n'kumakagulitsa pa Nselema. Atakwatira Sakina ndi kubereka mwana wawo Ida, anasiya mayi awo okalamba kumudzi pafupi ndi Nselema, nasamukira pa Ulongwe. Kumeneko anapeza ntchito pa depoti ya chimanga ya wamalonda wina, a Lyford. Ankasesa, kusoka matumba ong'ambika ndi kupirikitsa mbuzi. Anali munthu woopa chinthu cha mwini. Njere zotayikira pansi ankaziwola n'kuzibwezera m'thumba, mpaka anzawo ankawaseka kuti akufuna kulowa kumwamba ndi tsache.

Pa depotipo panalinso antchito awiri amene sankalandira malipiro: mphaka wakuda, wamkazi, dzina lake Mwatitha, ndi wamwamuna wamawangamawanga, Kapitawo. Palibe amene ankawapatsa chakudya. Makoswe anali ochuluka moti amphakawo ankachita kusankha wonenepa.

Njala ya 2002 itayamba kuluma, a Lyford anagulitsa chimanga chonse pa mtengo umene sanaulotepo, nakiya ofesi, ulendo wa ku Blantyre. Che Sufiyani anatsala akusesa depoti yopanda kanthu. Makoswe, pokhala anzeru, ndiwo anayamba kusamuka. Anthu analibe kothawira. Ankaphika mango osakhwima, kukumba zitsa za nthochi, ndi kufola pa chigayo kudikira madeya amene kale ankathira nkhuku. Amphaka awiri aja anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo Kapitawo akati alire, pakamwa pankangotseguka, mawu osatuluka.

Kenako bungwe lina lothandiza pa njala linachita lendi depotiyo kuti lidzasungiremo chimanga chogawa. Mkulu wake m'derali anali mzimayi wachizungu amene ankakhala ku Balaka, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Madamu. Anabwera kudzaona malowo ndi womasulira wake, Clementina, mtsikana wa kwa Nsamala. Madamu sanali munthu wouma mtima. Anali atatha masabata akulimbana pa foni kufunsa kumene chimangacho chinali, n'kumangouzidwa kuti chili m'njira. Pa geti anapeza amayi ambirimbiri atakhala ndi matumba opinda m'manja, ndipo anawadutsa ataweramitsa mutu. M'kati anapeza amphaka awiri. Awiri okha munthu atha kuwapulumutsa. Anagwada pa simenti n'kuyamba kulira.

Lolemba lotsatira galimoto inabweranso. Amayi a pa geti anadzuka onse, koma chimene chinatsitsidwa chinali thumba limodzi lonyezimira ndi katoni ya zitini.

"Bambo, akuti mumvetsetse," anatero Clementina. "Cha m'thumbachi ndi chouma, n'chotsika mtengo, muziwapatsa m'mawa, pambali pake madzi oyera. Cha m'chitinichi ndi chonyowa, n'chodula, muziwapatsa pang'ono masana. Akuti mphaka akamadya chouma chokhachokha, impso zimavuta."

"Impso za mphaka," anatero Che Sufiyani, akugwedeza mutu ngati akumva uthenga wa maliro. "Nanga amapangira chiyani zimenezi, mwana wanga?"

Clementina anatembenuza thumba n'kuwerenga. "Choyamba chimene alemba apa ndi chimanga. Kenako nyama, koma sananene kuti ya chiyani."

Umu ndi mmene chimanga choyamba chinalowera m'depoti ya pa Ulongwe chaka chimenecho.

Kunyumba, Sakina atamva, anafunsa funso limodzi: "Bambo a Ida, n'chodyeka?"

"Iyayi. Nyama yosadziwika dzina, wozinga wake osadziwikanso. Komanso n'cha eni ake."

"Eni ake amphakawo?"

"Eya."

Koma eni akewo anachikana. Mwatitha ananunkhiza timibulu touma ta m'thumba lija, nayang'ana Che Sufiyani, n'kuchokapo. Cha m'chitini Kapitawo ananyambita kamodzi, kenako n'kuyamba kupalasa simenti ngati akukwirira chimbudzi. Anali amphaka oleredwa ndi makoswe, zachizungu sankazidziwa. Che Sufiyani anayamba kuda nkhawa, chifukwa anali ataona kale kuti ntchito yawo yonse tsopano inali pa nthiti za nyama ziwirizi. Tsiku lina anatenga timatemba tingapo timene Sakina ankasungira Ida, natinyenyera m'mbale ya amphaka. Anadya mpaka kukankhana.

Madamu atauzidwa, anakondwa. Anati nsomba za konkuno n'zotsika mtengo kuposa zitini za ku Blantyre, ndiponso zilibe zosakaniza. Analamula kuti matemba opanda mchere akhale chakudya chouma, chambo chachiwisi chikhale chonyowa, ndipo anati azipereka yekha ndalama ya nsombazo. Koma anaika malamulo: chambo chiziwiritsidwa popanda mchere kapena anyezi, mutu ndi minga zichotsedwe kuopa kutsamwitsa amphaka, msuzi utayidwe.

"Utayidwe kuti?" anafunsa Che Sufiyani.

"Akuti kulikonse, bambo," anayankha Clementina, akuyang'ana kudenga.

"Nanga thumba ndi zitinizi?"

"Akuti mupatse amene ali ndi galu."

Amene anali ndi galu anapezeka tsiku lomwelo. Anali a Yotamu, okonza njinga, oyandikana nawo nyumba. Galu wawo anali atafa Khirisimasi isanafike, ndipo Che Sufiyani anathandiza nawo kumukoka kukamutaya kudambo. Koma a Yotamu anafika pa depoti ndi njinga, nanena mwaulemu kuti, "Achimwene, ndamva kuti pali chakudya cha galu wanga." Che Sufiyani anawathandiza kumanga katoni pa kaliyala. Madzulo ake fungo la nyama yophikidwa ndi nkhwani linatuluka kukhitchini kwa akazi awo, a Nelia. M'mawa a Yotamu anadutsa n'kunena kuti galu akuthokoza.

Ntchito yowiritsa nsomba inagwera Sakina, chifukwa pa depoti panalibe mbaula. Che Sufiyani ankapalasa njinga kukagula chambo kwa asodzi a ku Malombe, Sakina n'kudula mitu, kuwiritsa, kuchotsa minga, ndipo mnofu unkapita kwa amphaka m'kambale kovundikira. Zotayidwazo zinkatayidwa m'mimba mwa anthu atatu, pamodzi ndi nsima ya madeya ikapezeka. Ida, amene tsitsi linali litayamba kufiira, anayambiranso kusewera panja.

Patapita masabata, Che Sufiyani anaona kuti mitu ya nsomba ikukula. Poyamba mpeni wa Sakina unkadutsa kuseri kwa makha. Kenako unayamba kudutsa kuseri kwa zipsepse. Tsiku lina anapeza mutu uli ndi mimba yomwe.

"Mayi a Ida, mutu wa chambo umathera pati?"

"Inu ndinu a kunyanja, mundiuze."

"Umathera pa makha."

"Chambo cha ku Chiuta chimenecho. Ichi n'cha ku Malombe."

Che Sufiyani sanaseke. Anatenga mpeni, naonetsa pamene payenera kudulidwa, ndipo anati pa nyumba yawo sipadzadyedwa chinthu chobera nyama yosayankhula. Sakina anamvera kwa masiku angapo. Anawapempha kuti mitu ina aziiwamba, itumizidwe kwa apongozi ake ku Nselema. Che Sufiyani anavomera, koma anati adikire ichuluke, pakuti munthu sungatumize minibasi ndi mitu itatu.

Isanachuluke, uthenga unafika kuti mayi awo amwalira. Miyendo inatupa, kenako nkhope, ndipo sanauze aliyense kuti atumize mawu ku Ulongwe, poti mwana wawonso ali ndi banja. Madamu anawalola kupita, nawapatsa yoyendera, nawagwira dzanja nthawi yaitali. Atatero anafunsa kudzera mwa Clementina kuti amphaka adyetsa ndani. Che Sufiyani anati akazi awo.

Anafika ku Nselema atawaika kale, monga mwambo wa Chisilamu ufunira. M'nyumba ya mayi awo anapezamo mphika wokhala ndi njere za udzu zosinjasinja. Mitu yowamba imene ananyamula m'jumbo anaipereka kwa alongo awo, ndipo ndi imene inadyedwa pa maliropo. Anthu anaiyamikira.

Atabwerera ku Ulongwe anapeza Sakina ali ndi nsomba pa thabwa. Anamulanda mpeni. Sakina anaganiza kuti ayambanso kumulalikira. Koma iwo anayala chambo, nayeza ndi chala kuchokera kumchira, nadula pamene panatsala kachidutswa kongokwana m'chikhatho cha mwana.

"Mutu ndi uwu," anatero, akukankhira mbali yaikuluyo kwa mkazi wawo. "Gawani, wina mukapatse a Nelia. Galu wawo zitini zinamuthera."

Kuyambira tsikulo ankadula okha. Amphaka anapitirira kudya michira ndi matemba, ndipo sanadandaule kwa aliyense. Ubweya unayamba kuwala. Madamu ankawanyamula n'kunena kuti umu ndi mmene mphaka ayenera kukhalira, wosanenepa kwambiri, ndipo anapempha Clementina alembe kadyetsedwe kake kuti akaonetse anzake ku Balaka. Che Sufiyani anafotokoza zonse mwatsatanetsatane, kupatula malire a mutu.

Malole a chimanga anafika anthu atayamba kale kudya chachiwisi cha m'minda mwawo, amene anali ndi moyo wokachithyola. Chinagawidwabe, ndipo chinathandiza. Makoswe nawo anamva, nabwerera ndi abale awo. Mwatitha ndi Kapitawo anasiya nsomba tsiku lomwelo n'kubwerera pa ntchito. Che Sufiyani anakanena zoona kwa Madamu kuti amphaka sakufunanso chambo, ndipo kugula nsomba kunathera pomwepo. Sakina sanawalankhule mpaka Lachisanu.

Nthawi ya Madamu itatha, anaganiza zotenga mphaka mmodzi kupita naye kwawo. Mwatitha anathawira kudenga, choncho mwayi unagwera Kapitawo. Anapita naye kwa dokotala wa ziweto, anabayidwa jakisoni, napatsidwa kabuku koyendera kokhala ndi zidindo. Che Sufiyani, amene kutali kumene anafikako kunali ku Limbe, ananyamula bokosi mpaka pa galimoto. Kapitawo analira njira yonse, ndipo tsopano mawu ankatuluka.

Chaka chitatha bungwe lija linabweza makiyi, a Lyford n'kubwera kuchokera ku Blantyre atanenepa khosi. Anazungulira depoti, nawerenga masikelo ndi mapaleti osanjikapo matumba, zonse zinalipo. Kenako anafunsa za mphaka wamawanga.

"Anapita ku Ulaya, bwana."

"Analoleza ndani?"

"Madamu anamukonda."

"Mphaka ameneyo anali katundu wa kampani. Lero mwapereka mphaka, mawa mupereka chimanga. Ine ndimakutengani ngati munthu wokhulupirika, Che Sufiyani."

Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Malo awo analowa a Yotamu, amene anabwera kunyumba kudzapepesa atavula chipewa, ndipo Che Sufiyani anawauza kumene tsache limakhala ndi pamene denga limadontha.

Che Sufiyani anabwerera ku ntchito ya ubwana wawo, kugulitsa matemba ndi usipa wouma pa benchi pafupi ndi pamene pamaima minibasi, ndipo ali pomwepo mpaka lero, ndevu zitayera. Sabata yoyamba anapita ku depoti ndi dengu kuti akatenge Mwatitha azikakhala naye kunyumba. Anamuitana, anamuonetsa temba, anagwada pa khomo mpaka maondo kuwawa. Mphakayo anawayang'ana ali pamwamba pa mulu wa matumba, nayasamula, n'kutembenukira kukhoma kumene kunkamveka kukwekwesa. Che Sufiyani anadya tembalo okha, nanyamula dengu lawo kubwerera kumsika.