Mabowo Onse Anali Mkati

Anandilanda njinga. Inali yakuda, yazitsulo zolimba, ya keliyala yoti munthu wamkulu n'kukhalapo osapindika. Bambo anga anandisiyira pamaso pa anthu asanamwalire. Amene anailanda ndi mng'ono wawo, bambo anga aang'ono, a Laitoni. Njingayo itapita, sukulu inapita nayo limodzi.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, chaka cha riferendamu, chimene anthu ankakangana za nyali ndi tambala. Tinkakhala ku Mchengautuwa, sukulu inali kuseri kwa Lupaso. Wodziwa Mzuzu akudziwa kuti pamenepo si pafupi, ndiponso kuti ukangotsika chitunda china chakudikira. Pa njinga ndinkafika belu lisanalire. Wapansi unkafika phunziro loyamba litatha, nsapato zitalemera ndi matope, aphunzitsi atakusungira kale chikwakwa choti ukatchetche udzu.

A Laitoni anabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, ndipo maliro atatha sanabwerere. Ntchito analibe. Ntchito yawo inali matipate. Loweruka ndi Lamlungu ankabwereka njinga kupita kumisonkhano, n'kubwerako mawu atasasa, zala ziwiri zili m'mwamba, pa keliyala atamanga mtolo wa nsalu zachipani. Amayi ankangoti, "Abwereke, ndi adada ako." Ndinkawabwereka.

Lolemba lina tayala lakumbuyo linaphwa ndisanafike pa Chibanja. Sindinadandaule, chifukwa kumata chubu bambo anandiphunzitsa ndili wamng'ono. Umatsegula tayala mbali imodzi ndi zogwirira za masupuni, osati sikuludiraiva, chifukwa iyo imatsina chubu. Umatulutsa chubucho, kuchipopa, kuchimiza m'beseni mpaka uone pamene pakutuluka thovu. Umapukuta, kupala pang'ono kuti pakhale pokhakhala, kupaka sulushoni, kenako kudikira. Anthu ambiri amalephera podikirapo. Amamata sulushoni akadali wamadzi, mawa lake chigamba chamatuka. Makamaka ku Mzuzu kuno, kumene nkhungu imatha kukhala mpaka masana, umayenera kuuzira ndi pakamwa mpaka chala chiyambe kukakamira. Ukamata, umayendetsa zala mkati mwa tayala lonse kufufuza munga. Pomaliza umapopa zolimba, chifukwa tayala lofewa likagunda mwala chubu chimatsinika.

Zonsezi ndinachita. Munga sindinaupeze. Lisanathe sabata tayala linaphwanso, pena. Ndinamata. Linaphwanso. Linkandiphwera potsika chitunda, linkandiphwera mvula ikuwaza, tsiku lina linandiphwera ndikuona denga la sukulu. Ndinkafika mochedwa, manja akuda bii, malaya akununkha sulushoni. Anzanga anasiya kunditchula Maliko, anayamba kunditchula Pampu. Amayi ankagulitsa zitumbuwa pamsewu, ndipo phindu lawo lonse linkathera pa zomatira chubu.

A Laitoni anali ndi yankho tsiku lililonse, ndipo mayankhowo sankagwirizana. Lero akuti ndimanyamula anzanga. Mawa akuti ndimathamangira m'mabotolo osweka kuti atsikana andione. Mkuja akuti anyamata a chipani china ndiwo akuboola dala chifukwa akudziwa kuti njingayo imapita kumisonkhano.

"Nanga inu mukakwera simaphwa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Imaphwa chifukwa iwe waiononga kale," anatero. "Sono tamvera. Likaphwanso tayala ili, njinga ndiisunga ine. Katundu wa akulu anga sangathere m'manja mwa mwana."

Linaphwanso, ndithu. Tsikulo sindinapite kusukulu ndipo sindinabwerere kunyumba. Ndinakankha njinga mpaka pa sitolo ya Che Saidi ku Chibanja, kumene ndinkagula sulushoni. Che Saidi anali bambo wa ku Mangochi, wovala kachipewa koyera, wogulitsa zipangizo za njinga, ndipo sankathamangira kulankhula.

"Iwe mnyamata," anatero, "sulushoni wangayu ukumadya ndi buledi kodi? Tabweretsa chubucho ndichione."

Ndinachitulutsa. Chinali ndi zigamba ngati kabudula wa mwana wamasiye. Anachitembenuza m'manja, nayesa kumatula chigamba chimodzi ndi chikhadabo, chinakana.

"Kumata umatha. Koma taona, zigamba zako zili mbali iti?"

Ndinayang'ana. Zonse zinali pamimba pa chubu, mbali yoyang'ana ku limu, chitsulo chozungulira chimene tayala limakhalapo. Kumsana, kumene kumayang'ana msewu, kunali kosalala ngati chubu chatsopano.

"Munga umachokera kunja," anatero. "Msomali kunja, galasi kunja. Chako chikubooka kuchokera mkati. Tachotsa tayala lonse."

Ndinali ndisanachotsepo tayala lonse, chifukwa pomata sipafunika kutero. Nditalichotsa, limu inaoneka yambulanda, mitu ya masipoko ili ndondondo, ina yadzimbiri, ina yakuthwa.

"Lamba ali kuti?"

"Lamba wanji?"

"Mu limu mumakhala lamba wa mphira, wophimba mitu ya masipokoyi. Popanda iyeyo, ukapopa zolimba ndiye kuti ukukanikiza chubu pa misomali. Unali kumata bwino, kupopa bwino, n'kumadziboolera wekha."

Analowa mkati kukafuna chubu chakutha choti adulepo lamba wina. Ine ndinatsala panja, ndipo maso anga anagwera pa keliyala. Panali mphira wakuda wautali, amene a Laitoni ankamangira mitolo yawo. Inenso ndinkamangira mabuku anga ndi mphira womwewo tsiku ndi tsiku. Ndinaumasula n'kuutambasula. Unali ndi kabowo kozungulira bwino, ka valavu, ndi timadontho tadzimbiri totsatizana kuyambira uku mpaka uko. Ndinauyeza pa limu. Kadontho kalikonse kanagwera pa mutu wa sipoko.

Che Saidi atatuluka anaona, ndipo sanafunse kuti wachita ndani. Ankawadziwa a Laitoni ndi mitolo yawo.

"Bwezeramo," anatero motsitsa mawu. "Tilumikize pamene anadulapo, upope, mawa upite kusukulu. Kunyumba usakanene kanthu."

Sindinabwezeremo. Milungu yonseyo ndinatchetcha udzu, ndinatchedwa Pampu, ndinatchedwa wosasamala pamaso pa amayi. Ndinapinda lambayo n'kuika m'thumba, ndipo ndinakankha njinga yophwa mpaka ku Mchengautuwa.

A Laitoni ndinawapeza pakhonde ndi anzawo awiri a chipani, akumwa tiyi wa amayi. Ataona tayala anamwetulira ngati munthu amene walandira mphatso.

"Mwaona? Ndimanena ine."

Ndinatulutsa lamba uja n'kuuika pa tebulo, pafupi ndi shuga. "Adada, uyu munamutenga kuti?"

Anamuyang'ana. "Kamphira aka? Tayala linandiphwera pochokera kumsonkhano. Pomata ndinakapeza mkatimo, kakungokhala. Chingwe cha mtolo chinali chitaduka, ndiye ndinakadula n'kumangira. Nchivichi, chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza ntchito ya kamphirako, mokweza, kuti ndi amayi omwe amve kukhitchini. Mmodzi wa alendo aja, wadazi, anaseka mpaka tiyi anamutuluka m'mphuno.

"A Laitoni, nadi? Mukufuna kukonza dziko, njinga imodzi mwaivula kabudula wamkati!"

Winayo anagwira pamimba. A Laitoni sanaseke. Anaimirira, nagwira handulo, nalowetsa njinga kuchipinda kwawo, nakhoma chitseko.

"Kamphira sikangaphwetse tayala," anatero. "Mwana uyu ndi wamwano. Wandinyoza pamaso pa anthu. Ndinanena kuti likaphwanso ndiisunga, ndipo laphwa."

Amayi anagwada pakhomopo. "Phepani chomene, alamu, ndi mwana. Sukulu ili kutali." A Laitoni anawayankha kuti katundu wa malemu ndi wa kwawo kwa malemu, mkazi alibepo mawu. Patapita masiku ochepa anapeza chipinda kwina, nasamuka ndi kachikwama kawo kaja pa keliyala ya njinga yanga.

Ndinayenda wapansi mpaka temu inatha. Yotsatira ndinayamba kudumphitsa masiku amvula, ndipo ku Mzuzu masiku amvula ndiwo ambiri. Palibe amene anandichotsa sukulu. Ndinangoona kuti ndikupita kukatchetcha udzu, osati kukaphunzira, ndiye ndinasiya.

Anthu amati ndikanamvera Che Saidi bwenzi ndili ndi satifiketi. Mwina. Che Saidi eni ake anandiuzapo kamodzi kokha, pamene ankandipatsa pampu yakale ndi beseni kuti ndiyambire ntchito: "Unali wolondola, koma wolondola woyenda pansi." Koma musayembekezere kuti ndipepesa chifukwa chonena zoona pa njinga yangayanga. Munthu anali ataikhumbira kale. Likanapanda kukhala tayala, likanakhala belu.

Tsopano ndimamata machubu pansi pa mtengo wa bulugamu, m'mbali mwa msewu wolowera ku Mchengautuwa. Munthu akabwera ndi tayala lophwa n'kuyamba kutukwana msewu, ana a aneba kapena afiti, sindimumvera. Ndimatulutsa chubu n'kuona bowo lili mbali iti. Likakhala kunja, ndimafufuza munga. Likakhala mkati, ndimamufunsa kuti njingayo amabwereka ndani. Ndi chokhacho chimene ndinaphunzira chaka chimenecho, ndipo chinandidyera Fomu 1.

Mwezi wathawu a Laitoni anatulukira akukankha njinga. Ndinaidziwira patali, ngakhale utoto unasupuka ndipo belu kulibe. Malaya anali a chipani china, si chija ankasasira nacho mawu.

"Monile, mwana wane. Tandipopera apa. Ndimamata ndekha, koma lero sulushoni wandithera."

Ndinatsegula tayala lakumbuyo. Chubu chinali china, koma zigamba zinali pamimba pokhapokha, zina pamwamba pa zinzake. Ndinasuzumira mu limu. Masipoko ali ndondondo, ambulanda, monga ndinawasiyira.

"Adada, mulibe lamba umu."

"Wayambanso za kamphira kako? Ndi misewu iyi. Boma ili tinalivotera, koma taona maenje."

Ndinagwira handulo nthawi yaitali. Ndikanatha kuikana kuti isachoke pamenepo, koma amayi anandipempha kuti ndisadzawabweretsere milandu ya pachibale, ndipo avutika kokwanira. Ndinamata, kudikira sulushoni aume bwinobwino, n'kupopa zolimba monga bambo anandiphunzitsira. Anathokoza kuti yewo, nakwera. Ndikudziwa kuti sanafike kutali.

Lamba uja ndikadali naye. Ali pa msomali umene ndinakhoma pa bulugamu, pamwamba pa beseni, ndipo a Laitoni anaima pansi pake osamuona. Ndidzamubwezera mu limu tsiku limene njinga idzabwerere kwa mwini wake. Za sukulu sindiwerengera, palibe angandibwezere. Ngongole ya a Laitoni ndi njinga imodzi, yakuda, ya keliyala, ndipo abweretse ndi belu lomwe.