Lole Itabwera ndi Maliro

Agogo anga a Zuze ankanunkha parafini. Ndikawakumbukira ndimawaona atawerama pa injini ya lole pansi pa msangu, thukuta likuyenderera m'khosi, nyenje zikulira mosalekeza, utsi wa m'minda yotenthedwa utaphimba Shire yense.

Anali Msena wa kunsi kwa Zambezi. Anafika kuno akusonkhezera moto m'sitima zapamadzi zimene zinkakocheza pa Katunga, nakwatira m'mudzi mwathu, nakhala mkamwini. Sitima zitasiya kufika, analowa ntchito kwa mwenye wogula thonje, mwini lole yokhayo m'dera lathu lonse. Poyamba ankangoitsuka, pambuyo pake anaphunzira kuiyendetsa. Ife tinkadya za m'manja mwawo, chifukwa bambo anga anapita ku Joni osamvekanso.

Katsukidwe kawo kankatopetsa ngakhale woonerera. Kunja kwa lole ankathira madzi osaumira, koma akangotsegula boneti, mtsuko unkapita kutali. Ankadikira injini izizire, kenaka n'kutenga kachikopa ka mbuzi kopaka girizi, n'kukulunga magineto, kabokosi kamene kamatumiza moto ku mapulagi, n'kumanga ndi luzi pamodzi ndi mawaya ake. Matope ankapala ndi kabango, mafuta akuda n'kupukuta ndi thonje loviika m'parafini, m'malo mopanikizika n'kupisamo nthenga ya nkhuku. Ine, kamtsikana kosachedwa kutopa, ndinkawafunsa chifukwa chake sangokhuthulapo mtsuko umodzi n'kuthana nazo.

"Sitima inkamwa madzi, mdzukulu wanga," ankatero. "Iyi imafa nawo."

Chaka chimene ndinayamba kusenza mtsuko ndekha, agogo aakazi anamwalira kutali, ku chipatala kumene anapita ndi chifuwa. Inali nyengo yotentha, ija mtembo sudikira munthu. Agogo anakagwada kwa mwenye kupempha lole yokatengera mtembo. Lole anawabwereka, koma ndi mawu: thonje ladzaza, lole ibwere mawa ikuyenda, ikapanda kutero asadzaonekenso pakhomo pake.

Kwathu chilichonse chimene chakhudza maliro chimatsukidwa ndi madzi a mankhwala, kaya makasu, kaya anthu amene. Titaika maliro, ntchitoyi inali m'manja mwa a Kampira, mlongo wawo wa malemu, mwini mbumba yathu. Akazi tinatunga madzi ku Shire, iwo n'kuviikamo mizu yawo. Anathira kumbuyo kumene kunagona mtembo, anathira matayala, anathira mpando. Atatero anagogoda boneti.

"Tsegulani kumimbaku, alamu."

Agogo sanakane. Anakhudza injini, napeza kuti yazizira, nakulunga kachikopa kawo monga mwa masiku onse. Kenaka anatenga chikho okha n'kumathira pang'onopang'ono m'mbali mwa chitsulo, kutali ndi mawaya, anthu onse akuona. Ndinkaganiza kuti zatha, koma a Kampira analoza kachikopa kaja.

"Nanga ichi mwabisachi?"

"Umo simulowa madzi, alamu."

"Imfa yalowamo, madzi asalowemo?"

"Nkhabe!" Agogo akakana kuchokera pansi pa mtima, Chisena chinkatuluka chokha. "Mukathira umo lole yafa pompano, ntchito yanga yathera pomwepo. Ana awa adya chiyani?"

A Kampira sanali munthu woipa, ayi ndithu. Anali ndi mantha. Loleyo inkaima m'mudzi uliwonse, ana ankalendewera kumbuyo kwake, amayi apakati ankakwezamo mitolo ya thonje. Anafunsa ngati agogo akufuna kuti imfa iziyendayenda m'midzi pa matayala, ndipo akuluakulu anang'ung'udza movomereza. Mnyamata wina anayandikira ndi mtsuko. Agogo anangoika dzanja pa kachikopa kaja, osakweza mawu.

"Imfa ikatsalamo, ndi ya mkazi wanga. Ndiyenda nayo ine."

Amayi anga ankasisima kuseri kwa nkhokwe. Mkamwini sayankha mwini mbumba chotero, makamaka pa tsiku la maliro.

"Ndiye muyende nayodi," anatero a Kampira. "Muno musadzaimikenso, inu ndi lole yanuyo."

Agogo anapukuta paliponse pamene panadontha madzi, nasiya boneti yotsegula kuti dzuwa liumitse. Itauma anamasula luzi, napinda kachikopa, napukusa handulo. Lole inalira nthawi yomweyo. Palibe anaomba m'manja. Anachoka tsitsi lamaliro asanamete, atanyamula mphasa ndi bulangeti basi.

Kuyambira pamenepo ankagona kumpanda kwa mwenye. Akamadutsa, ankaima pamsewu kunja kwa malire a mudzi n'kuliza hutala, amayi n'kundituma. Ndinkapeza atatsitsa kale thumba la mapira, nthawi zina ndi kamchere, iwo ataimirira chakutali manja ali kumbuyo. Ndikafuna kuwathamangira ankandiletsa okha.

"Ima pomwepo, iwe, a Kampira angakusambitse mizu yowawa ija. Amayi ako ali bwanji?"

Ankaseka ponena zimenezi, koma sankasuntha. Lamulo limene linawachotsa pamudzi ankalisunga kuposa eni ake.

Lero ndine nkhalamba, mwana wanga ali ndi galimoto yakeyake. Akamaitsuka ndi paipi ndimakuwa ndili pakhonde kuti ayembekeze izizire, aphimbe mawaya, kumimbako agwiritse nsanza. Amandiseka kuti amayi awa sanagwirepo chiwongolero chibadwire, ndipo sakunama. Za amene analondola tsiku lija ndinasiya kuweruza kalekale. Chimene chimandiwawabe n'chimodzi. Mapira a lole ija tinadya zaka zambiri, a Kampira nawonso ankadya nafe osafunsa kumene achokera, koma dzanja la agogo anga sindinaligwirenso mpaka anamwalira.