Ndinapaka Mphira Pathupi pa Mlamu Wanga

Ndine mayi wosoka zovala pa Mzimba Boma, ndipo ndinatsala pang'ono kupha mkazi wa achimwene anga chifukwa cha diresi. Sitinayambane, sindinamufunire choipa chilichonse. Ndinangomupaka pathupi chinthu chimene ine mwini sindinkachidziwa bwino. Inu owerenga, makamaka inu amene mtima wanu sukhala pansi mukaona chatsopano, imvani zimene phuma langa linabala.

Ndakhala zaka zambiri pakhonde la sitolo ina kumsika, ndikupalasa makina. Mayunifolomu a ana asukulu, mabulauzi a amayi akumpingo, zigamba za mathalauza, tsiku ndi tsiku zomwezomwezo. Ntchito inkapezeka, koma ine ndinali nditatopa nazo. Ndinkati ndikasoka mzere umodzi, ndaimirira, ndayang'ana kumsewu, ndakhalanso. Ndinkafuna kupanga chovala choti munthu akachiona aime n'kufunsa kuti wapanga ndani.

Tsiku lina ndinaona pafoni zovala zodabwitsa za kumayiko ena. Zinkaima zokha ngati ziboliboli: mapewa osongoka ngati nyanga za ng'ombe, kolala yotambasuka ngati tsamba la nthochi. Sizinali zansalu ayi. Ankazipanga ndi mphira wamadzi, woyera ngati mkaka, umene ukaupaka ndi burashi umauma n'kusanduka chikopa chotamuka. Kuchokera tsiku limenelo, mutu wanga sunagwirenso china.

Ndinachonderera bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu, amene amakaoda katundu ku Tanzania, kuti andisakire. Patapita milungu ingapo anandibweretsera kachigubu ka mphirawo. Pondipatsa anati, "Mayi, apa alembapo zambiri m'Chingerezi. Mupeze munthu akuwerengereni musanatsegule." Ndinangothokoza kuti yewo, n'kunyamuka. Sindinafunse munthu. Ndinkati zapafoni zija zandikwanira.

Ndinaumba chidole cha waya ndi masaka kuseri kwa nyumba n'kuyamba kupaka. Fungo lake linali lolasa mphuno ngati khola la mbuzi, maso ankatuluka misozi, ndipo ndinayamba kachifuwa kosatha. Sindinasamale. Choyamba chimene ndinapanga chinamatana chokha nditachisenda, chifukwa sindinadziwe kuti pamafunika kuwazapo paudala. Chachiwiri ndinachiyanika padzuwa masiku angapo, chinayamba kunanda n'kung'ambika. Chachitatu ndinachidzoza mafuta odzola kuti chiwale, chinafewa n'kubooka ponseponse. Kulephera kulikonse kunkangondiwonjezera moto. Kumsika ndinkapita mwa apo ndi apo. Mayi wina anapalasa njinga kawiri konse kuchokera ku Manyamula kudzatenga diresi yake, kawiri konseko anapeza makina ali ophimbidwa.

Kenaka kunamveka kuti achinyamata ena akonza chionetsero cha zovala muholo ina pa Boma pomwepa. Ndinalembetsa tsiku lomwelo, ndilibe n'chovala chimodzi chomwe chotheka. Wovala ndinali naye kale m'maganizo: mlamu wanga NyaShaba, wa kumidzi ya ku Champhira, wamtali, wakhosi lowongoka, woyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza. Achimwene anga, amuna ake, ali ku Joni monga amuna ambiri akwathu kuno. Ponyamuka anamusiya pafupi ndi ine pamodzi ndi ana awiri, n'kundiuza kuti ndiziwayang'anira. NyaShaba ndi munthu wamanyazi, anakana kawiri. Ndinamuumiriza mpaka anavomera, osati chifukwa chofuna, koma chifukwa chondilemekeza.

Nditamuyesa chapamwamba chimene ndinaumba pachidole chija, sichinamukwane, popeza mphira umafupika ukauma. Atavula, ndinaona timizere tofiira m'mapewa mwake ndipo ankadzikanda. Ndinati ndi thukuta, poti kunali kotentha kwambiri mwezi umenewo. Inu owerenga, apa ndi pamene ndikanaima. Thupi lake linali litandichenjeza, ine n'kutseka maso.

Kutatsala masiku awiri, ndinaganiza zochenjera: bwanji ndingopaka mphirawo pathupi pake penipeni, uume potsata maumbidwe ake? M'mawa ana atapita kusukulu, ndinamukhazika pampando m'chipinda, ndinatseka zenera kuti anthu asasuzumire, n'kuyamba kupaka pachifuwa, m'mapewa, kumsana mpaka m'khosi.

Ndisanamalize kupaka kachiwiri anati, "Alamu, pakuyabwa chomene."

"Pirirani pang'ono, ukauma zisiya," ndinayankha choncho, maso ali paburashi.

Anapiriradi. Mpaka lero chimene chimandiwawa n'chakuti anapirira. Pamene ndinadzutsa mutu, milomo yake inali itatupa, zikope zitafufuma, zidzolo zili mbuu kumaso konse. Anayesa kulankhula koma mawu anatuluka osasa, ndipo popuma pankamveka kakhweru. Anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Ndapota, chotsani."

Ndinayamba kusenda ndi zala. Pamene panali patauma pankazuka ndi tiubweya, iye n'kumanjenjemera ndi ululu. Pamene panali posauma pankangomatirira m'manja mwanga. Mwamantha ndinatola sizasi kuti ndidule cha kumsana, ndipo mwaphuma ndinamucheka paphewa. Magazi anasakanikirana ndi zoyera zija. Ndinamufunditsa chitenje n'kuthamangira kumsewu ndikukuwa, wopanda nsapato. Mwamwayi, bambo wina woyendetsa galimoto yonyamula matumba a chimanga anaima. Tinanyamula NyaShaba n'kumugoneka kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo panga. Ulendo wa kuchipatala ndi waufupi, koma ndinkamva mpweya wake ukuchepa, ine n'kumangomuitana dzina kuti asatseke maso.

Kuchipatala anamulandira mothamanga, anamubaya jakisoni n'kumuika pa mpweya. Dokotala anandifunsa chimene ndinamupaka. Ndinalephera ngakhale kutchula dzina lake lenileni, ndipo kachigubu ndinali nditakasiya kunyumba. Anandifotokozera kuti pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mphira, moti ukawakhudza malo aakulu, kukhosi kumatupa mpaka kutseka njira ya mpweya. Anafunsanso ngati mlamu wanga amayabwidwa m'kamwa akadya mapeyala kapena nthochi, poti kawirikawiri zimayendera limodzi. Zimenezo ndinkazidziwa. Ndinkamuseka nazo kuti ndi matama a akazi a amuna a ku Joni. Dokotalayo anati tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina.

Masana omwewo ndinaimbira achimwene. Ndinayamba n'kuzungulira, koma pamapeto ndinanena zonse. Kenaka achimwene anati, "Iwe, ndinakusiyira munthu, mayi wa ana anga. Unamuona ngati chidole chako?"

NyaShaba anagona m'chipatala masiku angapo. Chionetsero chinachitika ine ndili pabenchi panja pa wodi, ndipo sindinafune n'kumva komwe kuti chinayenda bwanji. Makolo ake anabwera kuchokera ku Champhira. Ndinagwada kupepesa. Bambo ake sanakalipe, anangoti mwana wawo akapumulire kwawo, ndipo atatuluka m'chipatala anamutenga pamodzi ndi ana. Mpaka pano sanabwerere ku Boma. Nkhani inafala msika wonse, ena n'kumawonjezera kuti ndinkamupaka mankhwala okhwimira bizinesi. Makasitomala ambiri anasamukira kwa atelala ena. Achimwene amayankha foni yanga mwa kamodzikamodzi, ndipo mawu ake amakhala owerengeka.

Ndinadzakumana naye pamaliro ena kumudzi. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti, "Mbwenu basi, zinachitika, alamu, tisazikumbe." Koma pamene ndinatambasula dzanja kuti ndimukonzere kolala ya bulauzi, monga telala aliyense amachitira osaganiza, anabwerera m'mbuyo. Sanachite dala, thupi lake ndi limene linandithawa. Pamenepo ndinaona chipsera cha sizasi yanga paphewa pake. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira, anthu n'kumayesa ndikulira malirowo.

Inu owerenga, sindikunena kuti kuyesa zatsopano n'kulakwa. Alipo amene amaugwiritsa bwino ntchito mphira umenewu, ndipo ine ndikanadekha mwina ndikanakhala mmodzi wa iwo. Koma chinthu chimene simukuchidziwa, werengani zolembedwa pake, ndipo ngati chilankhulo chakuvutani, funsani. Kufunsa sikuchotsa luso la munthu. Musagwirire ntchito mankhwala onunkha m'chipinda chotseka. Musapake pakhungu la munthu chinthu chimene achipatala kapena odziwa sanakutsimikizireni, ndipo mukaona kufiira ngakhale pang'ono, lekani pomwepo. Za pafoni amakuonetsani chovala chitatha, sakuonetsani amene anavulala popanga.

Koposa zonse, samalani ndi anthu amene sangathe kukukanirani. Mlamu, wantchito, m'bale wodalira inu, akavomera sizitanthauza kuti wafuna. Ndipo munthu wotere akatsegula pakamwa n'kunena kuti zikuwawa, dziwani kuti zayamba kale kuwawa, anangokhala chete pokupatsani ulemu. Ikani pansi chimene mwagwiracho, mumumvere.